Mkanda wa Kwathu

Zaka zimene ndinayenda sindinaziwerenge. Mukandifunsa lero ndinena kuti zinali khumi ndi zinayi, mawa ndidzati makumi awiri, ndipo masiku onse awiriwo ndidzakhala ndikunena zoona monga momwe mutu wanga unazisungira. Chimene ndikudziwa bwino n'chakuti ndinachoka mwana wanga Edesi atangoguluka mano awiri akutsogolo, ndipo kulikonse kumene ndinafika ndinkafuna chinthu chimodzi basi: kubwerera kwa iye mutu wanga uli bwino.

Kwathu akazi tinkatchuka ndi ufa. Chimanga tinkakonola mpaka manja kuchita matuza, mphale n'kuiviika masiku anayi, kuitsuka kawiri, kuiyanika pamphasa, ndipo ufa wake ukamatuluka kuchigayo anthu ankasiya zochita n'kumauyang'ana. Mayi anga ankati mkazi wodyetsa banja lake mgaiwa ndi mlesi. Madeya tinkapatsa nkhumba. Mtedza ndi nyemba zinkapita ndi amalonda a masikelo zisanaumitsitse n'komwe, nkhuku zinali za alendo, ndipo ndiwo zathu zinali masamba othira soda, akasowa tinkangonyambita mchere. Nkhumba zathu zinali zonenepa, zosalala, ife eni ake tili mbuu. Koma tinkayenda monyada, poti ufa wathu unali woyera kuposa wa aliyense m'mudzimo.

Tinkatchukanso ndi chinthu china chimene pagulu sitinkachitchula. Dzuwa likayamba kuswa mtengo, akazi a m'nyumba mwathu ankada m'khosi. Khungu linkauma mozungulira, kuda ngati lapsa ndi moto, n'kumasendeka. Manja chimodzimodzi. Anthu ankati umenewo ndi mkanda wa kwathu, ndipo aliyense ankadziwa zobwera pambuyo pake: kutsegula m'mimba, kusowa tulo, kenako misala. Unawagwira mayi awo a mayi anga, unagwira mng'ono wawo, n'kudzawagwira mayi anga ine nditakwatiwa kale. Amene unawalumpha ndi achemwali anga a Lonesi okha, omwe anakwatiwa ndi mwamuna wokumba mbewa amene tonse tinkamuseka. Anthu ankati a Lonesi anatengera kuchimuna.

Mayi anga tinawamangirira kumtengo wa mango ndi malegeni a njinga kuti asathawire kutchire. Ndinkawapititsira phala loyera bwino, la ufa wosefa kawiri, poti wodwala sitinkamupatsa zokhakhala. Tsiku lina anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa mwaulemu wonse, “Kodi mayi, inu ndi a kuti?” Anamwalira mvula isanagwe. Funso limenelo linandipweteka kuposa malirowo.

Patapita zaka zitatu khosi langa linayamba kuyabwa. Bambo ake a Edesi anali atapita kalekale kukasaka ntchito kunja, osalemba ngakhale kalata, ndiye panyumba tinali awiri. Masana ena ndikudula nkhwani, Edesi anayandikira moto kwambiri, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane. Dzina osabwera. Ndinamuyang'ana mwana amene ndinamubereka ndekha, mpeni uli m'manja, ndikusakasaka dzina lake ngati singano yogwera m'madeya. Ndinangoti, “Iwe, choka apo!” M'mawa mwake ndinapita naye kwa a Lonesi.

“Achemwali, mundisungireko mwanayu. Ndikupita kuchigayo.”

A Lonesi anayang'ana mpango umene ndinadzikulunga m'khosi kunja kukutentha chomwecho. “Kuchigayo wopanda dengu?”

“Sindikufuna adzandione pamtengo paja.”

“Nanga akamafunsa ndizimuuza chiyani?”

“Muzimuuza kuti ndibwera mutu ukapola.”

Edesi anali akuthamangitsa anapiye kuseri kwa nkhokwe. Sindinamutsanzike.

Ndipo kuchigayo ndinapitadi, ngakhale sichinali cha kwathu. Ndinayenda mpaka ndinafika pa katauni ka msewu umodzi, magolosale mbali iyi, magolosale mbali inayo, fumbi pakati. Woyendetsa chigayo cha pamenepo anali a Dzoole, bambo amene makutu awo anatha ndi phokoso la injini, moti ankayankha funso lililonse ndi “Eya, eya.” Nditapempha ntchito anati eya. Ndinkasesa, kugwirira matumba, ndi kugwedeza nsalu yotulukira ufa ikatseka. Malipiro anga anali ufa wa pansi umene ndasesawo.

Kumeneko ndinaphunzira kumva ndi khutu kuti sefa yang'ambika ufa usanayambe kutuluka wamiseremisere. Ndinaphunziranso kuti amayi ogayitsa mgaiwa amabwera m'mamawa kwambiri, dengu lovindikira, ngati anyamula chinthu chakuba. Inenso ndinkawaseka chamumtima, ine wogona m'chipinda cha matumba. Ndinkaphikira kuseri kwa chigayo m'chitini, ndekha, ufa ndi mchere, n'kudya nditayang'ana khoma kuti wina asandione m'khosi. Tulo tinatha. Miyendo inkangofuna msewu ngakhale nditakhala pansi. Munthu akandipatsa moni ndinkakwiya, akapanda kundipatsa ndinkalira.

Tsiku lina masana ndinaona mayi anga ali pamzere, beseni lili pamutu, malegeni akadali m'manja, akudikira nthawi yawo mofatsa ngati wina aliyense.

“A Dzoole, awo ayambe,” ndinakuwa. “Ndi mayi anga.”

Kwa nthawi yoyamba sanati eya. Anazimitsa chigayo n'kuyang'ana kumene ndinkalozako, ndipo amayi onse a pamzere anatembenuka kuyang'ana chipupa chopanda kanthu. Ndinatsamiritsa tsache pakhomo n'kuuyamba ulendo.

Malo achiwiri anali msika wa Lachisanu, pamphambano ya misewu iwiri. Masiku ena onse pamalopo pankakhala timisasa topanda anthu ndi agalu. Ndinagwira ntchito kwa a Sumaili, opha mbuzi, ndi akazi awo Abiti Daudi, mayi wamfupi wolankhula ngati akukangana ngakhale akukufunira zabwino. Ntchito yanga inali kutsuka za m'mimba kumtsinje. Abiti Daudi anandiphunzitsa kutembenuza matumbo ndi kamtengo, kupala chifu mpaka chiyere, ndi kukulunga matumbo pa kachidutswa ka chifu mothinitsa kuti asamasuke mumphika. Tsiku loyamba ndinasanza kawiri. Malipiro anali tizidutswa ta chiwindi, mapapo ndi mapazi, ndipo ndinkafuna kukaphikira ndekha kuseri monga mwa nthawi zonse.

“Iwe, ukupita kuti ndi zimenezo?” anatero Abiti Daudi. “Pano munthu sadyera kuseri ngati mphaka wakuba. Bweretsa tiphatikize ndi nandolo.”

Sabata yomweyo pamsikapo panafika anthu ovala zoyera, akuimba ndi ng'oma. Mneneri wawo anandiloza pakati pa gulu, kundikoka mpango, n'kuuza onse kuti ndamangidwa chingwe ndi mizimu ya kwathu. Ndinagwa ndi mantha, poti ankanena zomwe ndinkadziwa kale. Anandisanjika manja n'kundipatsa madzi a m'botolo kuti ndizimwa pang'onopang'ono.

Mwezi usanathe khungu lakuda lija linayamba kuchoka. Tulo tinabwerera. M'mawa wina ndikutsuka chifu ndinapezeka ndikuimba, ndipo dzina la Edesi linali pakamwa panga lathunthu, ndi tsiku limene anabadwa, ndi chipsera cha pabondo pake. Ndiye ndikanathokoza yani? Chiwindi cha mbuzi sichinandibwerere m'maganizo ngakhale kamodzi. Ndani anayamba wathokozapo mbuzi? Ndinathokoza mneneri. Ndinagulira Edesi kadiresi kachikasu pa kaunjika, n'kupita kukatsanzika mneneriyo.

“Chiwanda chatuluka, koma chikukudikira panjira,” anatero mneneriyo. “Uyambe wakwera nafe kuphiri masiku makumi anayi. Nyama ayi, mafuta ayi, nyemba ayi, zonsezo zimalemetsa mzimu. Phala loyera basi, kamodzi patsiku.”

Abiti Daudi atamva anamenya mpeni pathebulo. “Iwe, matola ali apo. Kwera lero lomwe, ukaone mwana wako. Kuphiri wasiyako chiyani?”

Sindinawamvere. Ndinkafuna kufika kwathu nditachira kotheratu, kopanda kachidontho. Masiku makumi anayi atatha mneneri anawonjezera ena, atatha amenewo anawonjezeranso, ndipo ndinatsika phirilo ndili wopepuka ngati phesi. Ndinayenda masiku awiri mpaka pamtsinje pamene munthu amaonera malata a sukulu ya kwathu. Mayi wina amene ankachapa pamwala anandipatsa moni, n'kundiyang'anitsitsa.

“Pepanitu mayi,” anatero. “Mwapsa ndi chiyani m'khosimo?”

Ndinadzigwira. Munali mokhakhala. Ndinaima pamenepo mapazi ali m'madzi, ndikumva ana a sukulu akuimba kutsidya, ndipo sindinathe kudziwa ngati mawu ena mwa amenewo anali a mwana wanga. Kadiresi kaja ndinakasiya pamwala, ndipo ndinabwerera njira yomwe ndinadzera.

Malo achitatu anali esiteti ya fodya, dziko la zigafa ndi mizere yosatha. Kapitawo ankafuna munthu wophikira antchito makumi asanu ndi limodzi. Ndinaphunzira kuphika mumgolo wodula pakati, ndi mthiko wotalika ngati nkhafi, nditaima, mapazi atatalikirana kuti ndisagweremo. Chakudya chinali chimanga ndi mchere. Nyemba zinkabwera kamodzi pasabata, kapitawo akakumbukira, ndipo zikalowa mumgolo zinkasowa, munthu n'kumazisaka ndi chipande.

Anthu a pamenepo ankakangana pa zinthu zosadziwika. Amuna akuluakulu ankamenyana chifukwa wina waponda chithunzithunzi cha mnzake. Wina ankangokhala pamzere wa fodya n'kuyamba kulira, ukamufunsa akuti sakudziwa. Ine sindinkadabwa, poti m'mutu mwanga munalinso chimodzimodzi, ndipo ndinkaganiza kuti ndi mmene dziko liliri.

Tsiku lina bambo wina wamtali, a Mwalwanda, anawerama kuti ndiwaikire chakudya, kolala ya malaya n'kutseguka. Mkanda! Womwewo, wozungulira bwinobwino. Chipande chinagwa m'manja mwanga.

“Bambo, mayi anu anali a kwa yani?” ndinafunsa.

“Chifukwa?”

“Ndinu m'bale wanga inu. Chimenecho n'cha kwathu.”

Anaseka koyamba chifikire pamalopo. “Mama, ine kwathu n'kutali, kumapiri a kumpoto. Basi imayenda masiku awiri. Chichewa chomwechi ndaphunzirira konkuno. Ichi chandiyamba mwezi watha.”

Sabata yotsatira ndinauona pa amuna ena awiri, kenako pa mayi wina wosankha fodya. Ndinakhala pafupi ndi mgolo n'kuganiza mozama, monga momwe mutu wodwala umaganizira, ndipo yankho linabwera loyera bwino: onsewa akudya zophika ine. Mkanda wa kwathu ukutuluka m'manja mwanga n'kulowa m'chakudya chawo. Ndinachita manyazi oopsa, ndi chisoni. Ndinathawa dzuwa lili pamutu, madzi ndikuwasiya pamoto, ndipo ndinalumbira kuti sindidzaphikiranso munthu.

Zaka zotsatira zili ngati utsi. Ndinaswa miyala m'mbali mwa msewu. Ndinaponda dothi la njerwa. Ndinagulitsa nkhuni, ndinatunga madzi a omanga nyumba. Ndinkadya chigumu ndi tiyi wopanda mkaka, chimanga chootcha, nthawi zina osadya n'komwe. Pena ndikafika kumene kuli ngumbi kapena tinsomba totchipa, mutu unkayera kwa miyezi ingapo, ndipo ndinkati malo ano ndi abwino, mizimu sinandipeze. Ikandipeza ndinkanyamuka. Matauni onse anasanduka tauni imodzi ya msewu umodzi, magolosale mbali iyi, magolosale mbali inayo, ndipo ndinkalowa mbali ina n'kutulukira mbali ina n'kupeza ndalowanso momwemo. Masiku ena mayi anga ankayenda patsogolo panga, osatembenuka. Edesi m'maganizo mwanga sankakula. Ankangothamangitsa anapiye.

Ndinadzidzimuka ndili pamatiresi, pansi, m'chipatala chachikulu cha mumzinda. Akuti anandipeza padepoti nditakhala pakati pa msewu, ndikulamula mabasi kuti abwerere kumene achokera. Anesi amene ankandipatsa timapiritsi anali mayi wonenepa wa magalasi, wosachedwa kupsa mtima. Patapita masiku ochepa, nditayamba kuzindikira kumene ndili, ndinawauza kuti asadzivute.

“Izi ndi za kumtundu, anesi. Zinapha mayi anga ndi agogo anga.”

“Za kumtundu?” Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. “Kwanuko mumadya chiyani?”

“Ufa woyera,” ndinayankha, ndipo ngakhale ndinali pansi, wosasamba, mawu anga anatuluka monyada.

“Ndiwo zake?”

“Masamba.”

“Mtedza simulima?”

“Timalima.”

“Umapita kuti?”

Ndinakumbukira amalonda a masikelo aja.

“Mayi, matenda awa ena amati chiwawu, poti khungu limakhala ngati lawauka. Chimanga chimakhutitsa mimba, koma pali china chimene thupi ndi ubongo zimafuna, ndipo chimenecho chili mu mtedza, nyemba, nsomba, nyama. Munthu ukamadya chimanga chokhachokha, makamaka chokonola n'kuviika, khungu limayamba, mimba imatsatira, mutu n'kumaliza. Za kumtundu zimene mukunenazo ndi mphika wa kwanu. Mwani awa.”

“Ndiye mayi anga…”

“Akanabwera kuchipatala msanga, mwina akanachira.”

Ndinawapempha kuti anenenso. Ananenanso, n'kupita kwa wodwala wina. Ndinagona chafufumimba n'kukumbukira phala lija losefa kawiri, mmene ndinkaliuzira kuti lizizire ndisanawamwetse, ndi mbewa za alamu anga zimene tinkaziseka. Ndinalira mokuwa mpaka odwala anzanga anaganiza kuti misala yayambiranso. Sinali misala. Unali mkwiyo, ndipo ndinalibe munthu woti ndimukwiyire.

Kuseri kwa chipatalacho kunali chishedi chachitali chophikiramo magadiyani, anthu odikirira abale awo odwala. Munali mafuwa osawerengeka, aliyense ndi kamphika kake, utsi osaonana nkhope. Ine ndinalibe gadiyani. Koma munali mayi wina, Anasibeko, amene ankadikirira amuna awo othyoka mwendo. Iwowa ankatenga mbale yopanda kanthu n'kuyenda nayo moto ndi moto.

“Ya mlendo wa pakona uja,” ankatero. “Musaumire, inunso mawa mudzagona pansi pomwepo.”

Uyu supuni ya nyemba, uyu tiusipa tiwiri, uyu chigwada chotendera, uyu kachidutswa ka dzira. Mbale inkandipeza ili ndi ndiwo zamitundu isanu ndi iwiri zosagwirizana, ndipo sindinadyepo chakudya chokoma ngati chimenecho. Nditayamba kuyenda, Anasibeko anandikokera kushediko n'kundipatsa kamtondo.

“Sinjani mtedzawu.”

“Manja anga si abwino, mayi. Ndinadwalitsa anthu ku esiteti.”

“Anesi anakuuzani chiyani? Anadwala ndi mgolo wopanda nyemba. Sinjani, ine msana wandipweteka.”

Ndinasinja. Anandiphunzitsa kuti nsinjiro umathira pamwamba masamba atafewa, osatakasa msanga, uzisiye zipse kaye ndi nthunzi. Anandiphunzitsa kukazinga soya asanagayitsidwe kuti fungo lichoke, ndi kuviika nyemba kuti nkhuni zisathe. Ndinazindikiranso china chimene anesi sananene. Ndikakhala ndi lichero pamiyendo ndikusankha nyemba, iyi yabwino, iyi yofumbwa, aka kamwala, maganizo ankasiya kuthamanga n'kukhala nane pansi. Pozungulira panali amayi akunyozana za mchere, kubwerekana moto, kuseka amuna awo odwala amene ankafuna nyama. Miyendo yanga inaiwala msewu.

Ananditulutsa m'chipatala, koma kushediko sindinachokeko. Ndinkaphikira odwala opanda magadiyani, ndipo mbale ija ndinayamba kuyenda nayo ine. Mvula inagwa, inasiya, inagwanso. Khosi linali losalala, mutu uli mbee, tulo tokwanira. Tsiku lililonse ndinkati ndipita mwezi wa mawa. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Ndikudwala ndinali ndi chifukwa chomveka chosiyira mwana. Tsopano chifukwacho chinali chitasanduka kambale ka nsinjiro, ndipo sindinkadziwa kuti ndikaima bwanji pamaso pake.

Anasibeko anabweranso patapita zaka, kudzadikirira mpongozi wawo woyembekezera. Atandiona pa mafuwa omwe aja anatula katundu pansi.

“Mukadali pano? Mwana uja munakamuona?”

“Ndikukonzeka.”

“Kukonzeka kwake kotani, mukusoka ndege? Kale munkathawa misala, tinakumvetsani. Pano mukuthawa chiyani?”

Anandilanda mthiko m'manja, ndipo m'mawa mwake anandiperekeza okha mpaka padepoti, n'kuima pomwepo mpaka basi inanyamuka.

Mudzi wathu ndinaupeza waung'ono kuposa mmene ndinausiyira. Alamu anga, atakalamba, anandizindikira ndi kayendedwe. Anandiuza kuti a Lonesi anamwalira chaka chathachi, n'kundilozera nyumba ya njerwa zootcha kumapeto kwa mudzi. Pakhonde pake panali mayi wamtali akuzira, manja ali matope mpaka m'zigongono. Ndinkafuna kumufunsa kumene kuli Edesi. Kenako anatukula nkhope.

Anasamba m'manja mosafulumira, anayala mphasa, anagwada chapatali n'kundipatsa moni wa munthu aliyense wodutsa. “Muli bwanji, mayi?”

Ndinafotokoza zonse mothamanga, mosakaniza, chigayo, mbuzi, phiri, esiteti, anesi a magalasi. Anamvetsera akuyang'ana matope amene anatsalira m'zikhadabo zake.

“Ndiye kuti sinali misala ya kumtundu,” anatero.

“Ayi, mwanawe.”

“Mankhwala ake anali mtedza.”

“Mtedza, nyemba, tinsomba. Ndi timapiritsi.”

“Ine kusukulu anzanga ankandithawa kuti ndiwaluma. Mwamuna woyamba kundifunsira, akwawo anakana, akuti mbewu ya kwathu ndi yoipa. Amayi anga a Lonesi, amene tinawaika chaka chatha, akamapita kuchigayo ndinkawatsatira, kuti mwina ndikakupezani pamzere. Ndiye mukuti munandisiya chifukwa cha mtedza?”

“Inde.”

“Munachira liti?”

Ndikanatha kunama. Palibe akanadziwa. “Papita zaka zinayi.”

“Zinayi,” anatero, motsitsa. Anadzuka n'kupita kuseri, ndipo posakhalitsa ndinamva nkhuku ikukuwa.

Anandilowetsa pabalaza, pampando wa khushoni. Patebulo anayala nsalu yoluka, n'kuikapo mbale zovindikira. Anagwada, kundithirira madzi osamba m'manja, n'kunena kuti, “Chakudya chija, alendo.” Anatuluka n'kukoka chitseko chapakati.

Ndinavundukula. Nkhuku yathunthu, ziwalo zonse zili momwemo, nthutumba ili pamwamba kuti ndione kuti sanandibisire kanthu. Ulemu wonse umene mlendo amalandira ndinaulandira. Ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake, poti inenso ndinakulira m'mudzi momwemo: mlendo amadya yekha, amathokoza, amaperekezedwa mpaka pamsewu. Chitseko chakumaso chinali chotsegula, njira ikuoneka mpaka kumtsinje. Miyendo inayamba kuyabwa monga kale. Ndinaimirira, ndipo kunena zoona sindinkadziwa kuti ndilowera kuti.

Ndinanyamula mbale zija n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Edesi anali m'khitchini yaudzu ndi ana ake aakazi awiri, atakhala pansi mozungulira mbale imodzi ya khwanya wotendera, pambali pali kambale ka mutu wa nkhuku ndi zipalapasiro. Anawo anasiya kutafuna.

“Alendo sadyera kuno,” anatero Edesi osandiyang'ana.

“Ndikudziwa.”

“Kuno kulibe mpando.”

Ndinakhala pansi, paphulusa, mbale zili pamiyendo. Utsi unkandilowa m'maso ndipo sindinaupewe. Ndinadikira nthawi imene inanditalikira kuposa misewu yonse ija, ndikumva nkhuku zina zikupalasa panja.

Kenako Edesi anatambasula dzanja, anatenga mbale ya nkhuku ija pamiyendo panga, anaivindikira, n'kuiika pathandala. “Iyi adya bambo ake a anawa akabwera kudimba.” Anatola chipalapasiro chimodzi m'kambale kaja n'kuchiika m'mphepete mwa mbale ya khwanya, mbali imene ndinakhala ine.

“Sunthani, agogo anu afikire,” anauza anawo. Ndipo kwa ine, maso akadali m'mbale, anati, “Mukatha mutsuke mbale. Madzi ali m'ndowa yobiriwirayo, osati yofiira, yofiirayo ndi ya akumwa.”

Ndinadya chipalapasirocho mpaka mafupa. Nditatha ndinasonkhanitsa mbale zonse, n'kukatunga madzi m'ndowa yobiriwira.